Banga Limene Silinali Fodya

Atya sankayankhula ndi munthu m'mawa asanapake fodya m'kamwa. Ankanjuta pa sitepe ya kuseri kwa nyumba, kachitini kofiira kali pakati pa mapazi, n'kugwedezera ufa wakuda m'chikhatho cha kumanzere. Kenako chala cha kumanja chinkalowa m'kamwa n'kumayenda m'nkhama, uku ndi uku, maso atatsinzina pang'ono. Njati yathu yoweta ikalira kuti ikamidwe, inkadikira. Amuna awo akafuna tiyi, ankadikira. Akalavula pansi pa mtengo wa ndimu ndiye kuti tsiku layamba, ndipo woyamba kukalipidwa ndinkakhala ine.

Dzina lawo ndi Hausabai, koma ine ndimati Atya chifukwa ndi azakhali anga, mlongo wa bambo anga, ndipo ndinkawaitana choncho ndisanakwatiwe ndi mwana wawo Sopan. Ukakwatiwa ndi msuweni wako, apongozi suwaopa mokwanira. Fodya wawoyo, mishiri, ndinkakazinga ndine: masamba pachiwaya mpaka ade, kusinja, kamchere pang'ono. Utsi wake umayetsemulitsa nyumba yonse ndi aneba omwe. M'kamwa mwa Atya munali mwakuda chibadwire changa, ndipo palibe ankadabwa nazo. Theka la amayi a m'mudzi mwathu ali choncho.

Korona inatipeza anyezi ali m'munda. Atya ndi apongozi anga aamuna, amene tonse tinkawatchula Aba, anatengedwa tsiku limodzi kupita kuchipatala ku tauni ya Jalna. Aba sanabwerere. Anawotchedwa ndi anthu ovala mapulasitiki oyera ife kulibe, Sopan n'kungopatsidwa phulusa m'kamphika. Atya anabwerera atagona milungu pa mpweya wa m'botolo, ataonda ngati phesi la mapira. Mawu awo oyamba pakhomo anali akuti, "Kachitini kanga kali kuti?"

Tinaseka. Kanali koyamba kuseka m'nyumbamo chiyambire matendawo.

Mwambo wa maliro unali usanachitike. Ife tinali otsekeredwa m'nyumba, wansembe ankaopa kubwera, ndipo Atya anali atalamula pa foni kuti pasapezeke woika mpunga kumtsinje iwo kulibe. Tsopano tsiku linapezeka, Loweruka. Sopan adzameta mutu, adzaika timibulu ta mpunga pamwala, ndipo tonse tidzaima patali kudikira khwangwala. Akajompha, malemu apita mtima uli pansi. Akakana, ndiye kuti pali chowasunga, ndipo mwana amalonjeza mokweza ichi ndi icho mpaka mbalameyo itsike. Atya sankaganiza china koma Lowerukalo.

Kuchipatala anabwera ndi timapiritsi toyera timene adokotala anati amwe masiku ochepa n'kusiya. Atya anatikonda. Ankati timawapatsa njala ndi mphamvu m'miyendo. Timapiritsito titatha, Sopan anapita ndi chikutu chake ku sitolo ya mankhwala n'kugula tina. Palibe analetsa. Munthu akudya, umuletserenji? Matenda awo a shuga, amene anali nawo kale, tinawaiwala. Tiyi tinkawathirira wotsekemera kuti thupi libwerere.

Zinayamba ndi dzino, la kumwamba, kumanzere.

"Mangal, kazinga wina. Uyu alibe mphamvu," Atya anandilamula.

"Ndakazinga dzana, Atya. Mukupaka kapena mukudya?"

"Ndikafuna nzeru ndidzakufunsa. Pano ndafunsa fodya."

Mankhwala a dzino kwathu ndi omwewo. Tsopano sankapaka m'mawa mokha. Ankatsindira ufawo pa dzinolo tsiku lonse, n'kukhala chogwira mutu. Mphuno ya kumanzere inatseka. Lachitatu m'mawa ndikukazinga, ine ndikuyetsemula mpaka misozi, iwo anali atakhala pafupi ndi moto penipeni osatsokomola n'komwe.

"Waika fodya kapena masamba a therere? Sakununkha."

Masana ake ndinali kupeta mapira pakhonde, iwo atatsamira mzati. Ntchentche inatera pa tsaya lawo, pansi pa diso la kumanzere. Inayenda, inaima, inatikita timanja take, inayendanso. Atya amapha ntchentche ndi nsonga ya sari, nsalu yaitali imene amayi timavala kwathu, osayang'ana. Tsiku limenelo anangokhala. Ndinasiya lichero.

"Atya, pali ntchentche pankhope."

Anamenya tsaya la kumanja.

Ndinayandikira ngati ndikufuna kutola kanthu. Chikope cha kumanzere chinali chotupa. Nsonga ya sari imene ankapukutira mphuno inali ndi madontho akuda ofiirira, ena ouma, ena auwisi.

Za chuku chakuda tonse tinkazidziwa. Pa TV sankakamba china: anthu ochira korona, makamaka a shuga, chuku chikumera m'mphuno n'kumawadya nkhope. Telala wa mudzi wapafupi anali atabwera ndi thonje pamene panali diso. Koma m'nyumba mwathu dzina limenelo silinkatchulidwa, ngati kuti likamva libwera. Ndiponso pa TV ankati tiziyang'ana kuda m'mphuno ndi m'kamwa. M'kamwa mwa Atya uyang'ana kuda pati? Monse ndi mwakuda.

Sopan anabwera kumunda dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Anali pa liwiro lokonza munda wa thonje mvula isanagwe. Ndinamupeza ku khola la njati.

"Tamverani inu. Amayi anu sakumva tsaya."

"Ndi fodya. Amachititsa dzanzi."

"Nanga zakuda zikutuluka m'mphunozi?"

"Fodya. Munthu akupaka tsiku lonse, umafuna mutuluke mkaka?"

"Diso nalo ndi fodya?"

"Diso ndi maso a anthu. Analowa awiri, watuluka mmodzi, mudzi wonse ukuwayang'ana. Uwazungulize mchere ndi tsabola."

Ankayankhula akuyang'ana njati, osati ine. Ndinaona kuti mayankhowo sanawapeze pompo. Anali atawakonza kale kumunda.

Ndinachita zimene ananena. Ndinatenga mchere ndi tsabola wouma m'manja, ndinazunguliza pamutu pa Atya, ndinaponya pa makala. Tsabolayo akapsa osanunkha, ndiye kuti linalidi diso la munthu ndipo lachoka. Utsi unakwera, unandigwira pakhosi, misozi chuchuchu. Sopan anatseka pakamwa ndi thaulo, mapewa akudumpha.

"Mwaona?" anatero Atya, atatukula mphuno m'mwamba. "Sananunkhe. Ndi mkazi wa neba wathu Bhima ameneyo, ndinamuona mmene ankandiyang'anira pa mpopi."

Sopan anameza chitsokomolo chake n'kuvomera ndi mutu. Ine ndinatuluka panja kukapuma.

Ndinaima pafupi ndi mtengo wa ndimu ndikudzifunsa. Ndikakoka namfedwa kumuchotsa pa mwambo wa mwamuna wake, kenako adokotala n'kunena kuti ndi fodya ndi dzino lobowoka, mudzi uno udzandikumbutsa mpaka ndidzakalambe. Khwangwala akakana, adzaloza ine. Atya akakatenganso korona kuchipatalako, adzaloza ine. Koma ntchentche ija sinkachoka m'maso mwanga.

Lachinayi ndinawadzukirira. Ndinatenga kachitini n'kukabisa m'chiuno mwa sari yanga. Ndinafunditsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinang'amba kansalu koyera. Kenako ndinakakhala pa sitepe pawo.

Anatuluka akugwira khoma. Diso linali litatsekeka theka, chikope chikunyezimira ngati khungu la biringanya. Anafufuza pawindo, anafufuza pansi pa sitepe. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa, anayankhula asanalavule.

"Kali kuti?"

"Ndili nako. Yasamulani kaye ndione."

"Uone chiyani? Unataya ndolo m'kamwa mwanga?"

"Yasamulani, Atya."

"Wakuba iwe. Bambo ako analinso choncho, ankaba shuga m'chitini."

"Ankakugawirani. Yasamulani."

"Ndikuluma."

"Ndi dzino lodwalalo? Yesani."

Anatsegula pakamwa kuti anditukwane, ine ndinagwira chibwano. Mphamvu analibe. Ndinakulunga kansalu ku chala, ndinaviika m'madzi, n'kuyamba kupukuta. Fungo limene linatuluka silinali la fodya. Fodya ndimamudziwa. Linali fungo la chinthu chonyowa chimene chaiwalika m'thumba. Kansalu kanada, ndinasintha mbali, kanadanso. Pang'onopang'ono nkhama zinayamba kuoneka zofiirira. Mtima unayamba kutsika. Mwina Sopan ankanena zoona.

Ndiye ndinawatembenuzira ku dzuwa, ndinawapendeketsa mutu. Kumwamba kwa m'kamwa, kuseri kwa mano a kumanzere, kunali banga lakuda, lalikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, louma, m'mbali mwake motuwa. Ndinapukuta. Kansalu sikanatenge kanthu. Ndinapukutanso mwamphamvu, mphamvu yoti munthu akanakuwa. Ndinagwira dzino lija. Linagwedera limodzi ndi linzake, ngati zikhomo m'dothi lonyowa.

Ndinachotsa chala.

"Watha? Kumwambako sunafikeko n'komwe. Ulesi."

Zaka zonsezi chala cha Atya chimayenda m'nkhama ndi m'mano basi. Kumwamba fodya safikako.

Ndinaimbira Sister Vaishali, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, foni ya kanema. Anayankha akudya, chophimba pakamwa chili pansi pa chibwano. Ndinamuuza za ntchentche, za tsabola, kenako ndinalozetsa foni m'kamwa mwa Atya. Nditaibweza kwa ine, anali atasiya kutafuna.

"Mangal-tai, shuga anawayeza liti?" anafunsa, tai kutanthauza achemwali.

"Chitulukire kuchipatala, ayi."

"Timapiritsi toyera tija anasiya?"

"Akumwabe."

Anatseka maso kanthawi.

"Apite lero ku chipatala chachikulu ku Aurangabad. Kumeneko kuli madokotala a mphuno ndi makina ounikira m'mutu. Kuno sitingathe. Mapiritsi onse muwatenge, adokotala akaone okha."

"Loweruka tili ndi mwambo wa Aba. Tingapite masana ake."

"Tai, sindikunena kuti ndi chomwecho, akayeza okha. Koma ngati ndi chomwecho, chimachoka m'mphuno kupita m'diso, kuchoka m'diso kupita mu ubongo, ndipo sichipuma. Akanakhala amayi anga bwenzi ndili kale pamsewu."

"Akawachita chiyani?"

"Akadula chimene chafa. Mano, mwina ndi fupa. Diso, ngati mwachedwa. Kenako jakisoni wa milungu yambiri, akapezeka."

Foni yanga imafuula. Atya anamva zonse. Anakokera sari kumutu.

Sopan ndinamuimbira ali kumunda. Anabwera pa njinga yamoto, anaisiya yogwa pabwalo.

"Aurangabad? Aba analowa pa geti la chipatala akuyenda ndi miyendo yawo. Ndinabwera nawo m'kamphika."

"Ndikudziwa."

"Sudziwa. Sunanyamule ndiwe."

Kenako anapitiriza.

"Ndi mkucha chabe, Mangal. Abale onse tawauza. Wansembe wavomera movutikira. Tikangochoka kumtsinje ndiwatenga ndekha."

"Bwerani muone m'kamwa."

"Ine ndisuzumire m'kamwa mwa amayi anga ngati ndikugula ng'ombe?"

Ndinapita pamene Atya anakhala. Ndinaima kumanzere kwawo, kumene diso silinkaona bwino, ndinagwira tsaya ndi zikhadabo n'kutsina. Ndinatsina zenizeni, mpaka panatsala zizindikiro.

"Wapenga iwe?" Sopan anadumpha, dzanja lili m'mwamba.

Atya anatembenuka, kuyang'ana mwana wawo, kenako ine.

"Watani? Wachitanso chiyani ameneyu?"

Dzanja la Sopan linatsika lokha. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kumayang'ana zizindikiro za zikhadabo zanga.

"Aai," anatero, monga amaitanira amayi ake, mawu akutuluka ochepa. "Aai, simunamve?"

Atya anagwira tsaya lawo. Analisisita, analikanda, ngati munthu wofufuza chinthu m'thumba la mwini wake. Ndinaona mantha akulowa m'diso lotsegukalo. Koma pakamwa panali pomwepo.

"Sindipita. Munthu uja wawotchedwa ngati zinyalala, popanda womudonthezera madzi pakamwa. Moyo wake wonse ndamudikiritsa tiyi. Pano wadikira ine kuti ndituluke m'chipatala, ndiye ndimuthawe? Khwangwala akapeza ine kulibe sajompha. Ndikumudziwa, ndi wamakani."

"Akakana, mwana wanuyu adzati chiyani?" ndinafunsa. "Mawu ake tonse tikuwadziwa. Adzati, Aba, pitani bwino, Aai ndiwasamala. Adzanena zimenezo inu mutaima pambali pake diso litafa, m'mutu mukuwola? Khwangwala amadya zovunda, Atya. Fungo amalidziwa. Ine ndalimva lero."

"Pakamwa pako ndi ngalande."

"Ndinatengera kwa azakhali anga. Aba mbuzi ikatsokomola ankaikweza pa njinga yamoto kupita nayo kwa dokotala wa ziweto. Akanakhalapo bwenzi mukadali pano?"

"Mbuzi ankaikonda kuposa ine."

"Ndiye ajompha msanga. Musadandaule."

Sopan anatulutsa phokoso limene silinali kuseka kapena kulira, n'kubisa nkhope m'thaulo.

Njati inali ikulira kukhola, sinakamidwe. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana. Ine ndinkayang'ana chikope chija. Ndinkaona ngati chatupirapo chiyambire kukangana kwathu, koma sindinadziwe ngati ndi zoona kapena ndi mantha anga.

"Akandidula nkhope?" Atya anafunsa osandiyang'ana.

"Mwina."

"Diso?"

"Tikapita lero, mwina litsala. Sindikudziwa."

"Ndibwerako?"

"Sindikudziwanso."

"Sungandinamizeko pang'ono ngati mpongozi wa anthu ena?"

"Mukanandigwira."

"Akachotsa manowa ndizipaka pati?"

"Nkhama za pansi zitsala."

Sanati inde. Atya sananenepo inde kwa ine. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mpunga uphike wekha. Usauthire madzi ambiri, bambo ako sankadya phala. Mkazi wa Bhima asayandikire mphika. Ndipo uwauze kumene ndili, mokweza, ndi ogontha khutu limodzi. Uwauze kuti wandiba ndi uyu."

Sopan anadzuka, anagwira mapazi a amayi ake, anadzutsa njinga yamoto n'kupita kukapempha galimoto yonyamula anyezi ya mnzake. Iye atiperekeza mpaka pa geti la chipatala, abwerere kudzakumana ndi khwangwala. Wogona pakhonde la chipatala ndine. Apolisi a pamsewu akatiimitsa chifukwa cha chiletso cha maulendo, ndiwaonetsa diso.

Chikwama chinali pamwamba pa kabati, chabuluu chomwe chija chinachokera ku Jalna. Palibe anali atachitsegula. M'kati munali malaya a Aba, nsapato zawo, ndi magalasi othyoka mwendo umodzi. Ndinazitulutsa n'kuziika pa bedi. Ndinaikamo masari a Atya, bulangeti, kapu yawo yachitsulo, mapiritsi onse m'kapulasitiki. Ndinakulunga mikate ya mapira yotsala dzulo ndi tsabola wosinja, ya ine, chifukwa iwo sindinadziwe ngati adzatafunanso. Zovala zanga ndinazipanikiza m'mbali. Sindinadziwe kuti nditenge zingati, ndiye ndinatenga zonse zochapa.

Ndikuwerama, kachitini kanandibaya m'chiuno. Ndinakatulutsa. Atya anali ataima pakhomo, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Ikamo."

"Sakakulolani."

"Sindinati ndikapaka. Ndati ikamo."

Ndinakaika pansi penipeni, m'kati mwa bulangeti. Zipi inakana kutseka, ndinamanga chikwamacho ndi chingwe cha njati n'kuchitulutsa panja. Atya anakhala pa sitepe ya kutsogolo, kuyang'ana kumsewu. Ine ndinakhala kumanzere kwawo, chikwama pamiyendo, kuti ndiziingitsa ntchentche mpaka galimoto ifike.